Foni ya Maness Isafulashidwe

Johannesburg
11 Meyi 2025

Wokondedwa mkazi wanga Maness,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi mwana wathu Pemphero. Ine kuno ndiliko, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo ntchito ya ulonda siisankha nyengo. Kalatayi ndapatsira transipota uja amasiya katundu pa golosale ya achemwali anga a Sophie ku boma. Pali ndi kajuzi ka mwana.

Maness, zoona ine munthu wa masiku ano ndizichita kugula envelopu ngati agogo aja ankapita ku migodi? Kodi foni ndinakusiyira ija inagwera m'chitsime? Chichokereni sabata ya maliro a amayi, uthenga uliwonse ndikatumiza ukungoima pa tiki imodzi. Ndikaimba, akuti foni ndi yozimitsa. Dzana ndapeza chithunzi chako chachokapo, pangotsala kamutu kotuwa kopanda nkhope. Mnzanga wa ku Mwanza amene timakhala chipinda chimodzi wangoseka, akuti, "Achimwene, pamenepo akubulokani basi." Ndamuyankha kuti mkazi wanga sadziwa n'komwe pobulokera. Koma pa geti munthu umakhala wekha, ndiye mutu umayenda.

Ukudziwa kuti amayi sindinawaike. Mapepala anga sali bwino, ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Zimenezi zimandidya tsiku ndi tsiku. Foni yanga ina ija anandilanda atsotsi, ndi mauthenga onse a amayi momwemo. Ndatsala ndi iwe wekha woti undiuze mmene anapitira, ndiye iwenso zii.

Ngati vuto ndi zija imanena foni zoti ikufuna apudeti, kwera pachulu paja pamagwira netiweki, dina pamene yakuuza, udikire. Si ntchito yolembera waganyu imeneyo. Undiyankhe msanga, undiuzenso ngati chimanga mwakolola.

Ndine mwamuna wako,
Fackson


Dambe
27 Meyi 2025

Okondedwa bambo a Pemphero,

Kalata yanu ndalandira, ngakhale inafika yomatula kale. Alamu a Sophie akuti guluu wa ku Joni ndi wosalimba. Ife tili bwino. Pemphero juzi yamukwana, sakufuna kuivula ngakhale posamba. Chimanga takolola chochepa, koma kachewere wa ku dimba akulonjeza.

Sindinakubulokeni, bambo. Foni yanu ija yakalamba, kumbukirani kuti inunso munachita kugula kwa munthu. Watsapu inayamba ndi kundichenjeza, kenako tsiku lina inangokana kutseguka, akuti ndiike yatsopano. Yatsopanoyo nayo akuti singalowe pokhapokha foni yonse itapangidwa apudeti. Pachulu paja ndakwerapo mpaka amayi opita kuchigayo asiya kundipatsa moni wodabwa. Kamzere kamayenda, kamayenda, kakatsala pang'ono kufika, foni imatentha ngati mbatata yootcha, n'kulemba kuti malo mulibe. Bandulo yapita, batire yatha, ine n'kutsika chimanjamanja. Ndafufuta zithunzi za ukwati wa Loveness, ndafufuta nyimbo zanu zonse za kwaya, koma akuti malo sakukwanabe. Chiyambireni zimenezi ikumangouma yokha, n'kuzima. N'chifukwa chake mukaimba simukundipeza.

Ndinapita nayo kwa a Binwell okonza mafoni ku boma. Akuti mankhwala ake ndi amodzi basi, kuifulasha, kutanthauza kuti zonse zam'kati zichoke, ikhale ngati yabadwa lero. Ndinakana. Musandifunse chifukwa chake m'kalata yodutsa m'manja ambiri. Tsiku lina mudzandithokoza.

Amayi anapita mwamtendere, mutu uli pamiyendo panga. Zina ndi za pakamwa.

Ndine mkazi wanu,
Maness


Neno boma
2 Juni 2025

Fackson mlongo wanga,

Uli bwanji kumeneko? Ife kuno tikuyenda, bizinesi ndi yomweyi yogulitsa machesi amodziamodzi. Kalatayi ndaika pakati pa thumba la nyemba. Ndalemba dala, chifukwa mawu otumiza pa foni amauluka, mawa umangomva ali pa gulu la mpingo.

Ine si wamiseche, umandidziwa. Koma mlongo wanga azidyeredwa masuku pamutu ine ndili chete, amayi kumandako anganditi chiyani?

Mkazi wako wayamba kukonda chipatala cha pa Dambe. Sakudwala, mwananso ali gwa. Amakakhala pakhonde ndi Gerishon, wa zaumoyo uja anabwera chaka chatha kuchokera ku Kasungu, wosakwatira, wa nsapato zopukuta ngakhale m'matope. Mitu pamodzi, maso pa foni. Ukafunsa akuti akumuthandiza apudeti. Iii, apudeti yake yotani yosatha mwezi wathunthu? Anthu amaumba njerwa, kuotcha, kumanga mpaka kufolera, apudeti ili m'njira!

Tisiye zimenezo. Iye wakuuza kuti foni ndi yakufa, eti? Amayi a ku dimba akumamuona atakhala kuseri kwa nthochi, foni pakhutu, osayankhula, kumangomvetsera. Nthawi zina kuseka yekha, nthawi zina kupukuta misozi. Foni yakufa imaseketsa munthu kuyambira liti? Akangomva mapazi, foni m'chitenje, khasu m'manja.

Ndinakacheza ndi Binwell, ngati ndikufunsa za tchaja. Akuti atangotchula zofulasha, mkazi wako anatsomphola foniyo m'manja mwake, nkhope itasintha. Munthu wopanda chobisa saopa kuti alendo amusesere m'nyumba.

Sindinanene kuti pali chibwenzi, ndangokuuza zimene maso a anthu aona. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nyembazo uziviike kaye, ndi za chaka chatha.

Ndine mlongo wako,
Sophie


Johannesburg
11 Juni 2025

Mayi a Pemphero,

Moni wambiri lero ndilibe. Mupereke kwa mwana.

Masana ano mwandiimbira pa nambala yachilendo. Ndisanayankhe ndaona chithunzi cha mwini wake, mwamuna wa tayi, akumwetulira mano onse. Ndiye inu mukuti, "Khalani chete, mumvetsere." Ndimvetsere chiyani pa foni ya mwamuna mnzanga? Ndadula, ndipo sindikupepesa. Nditaimbanso wayankha yekha, ndi ulemu wake wonse, akuti, "Ndine Gerishon, alamu." Alamu! Ndinakwatira mlongo wake ine?

Ndiye kuti foni yanga yakalamba, ya a tayi ndiyo yamakono. Ndamva.

Ndikukufunsani funso limodzi, mundiyankhe poyera. M'fonimo muli chiyani chimene mukukaniza kufufuta? Mukapanda kundiyankha, nkhaniyi ipita kwa ankhoswe. Mtima ukundipweteka, Maness. Sindinabwere kuno kudzaimirira pa geti ya azungu kuti kwathu ndizisekedwa.

Fackson


Dambe
12 Juni 2025

Okondedwa bambo a Pemphero,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino, ndipo mtima watsikako. Kalata ino sidutsa kwa alamu. Ndaitumiza kwathu ku Matope kwa msuweni wanga Jimu, amene amayendetsa thiraki ya ku Joni, kuti akupatseni pamanja. Tsopano ndinena zonse.

M'foni muja muli amayi anu.

Lamulungu lawo lomaliza anandiitana, akuti, "Bweretsa kawailesi kako kaja, ndimuyankhule mwana wanga." Watsapu inali itakana kale, ndiye ndinawajambula pa chojambulira mawu cha m'foni momwemo. Anayankhula nthawi yaitali, mopumira. Atatha anandigwira dzanja, akuti, "Mawu awa ndi a Fackson. Asayende m'makutu mwa anthu." Ndinalonjeza.

Tsiku lometa, alamu a Sophie anasonkhanitsa mafoni a pabanja ponse. Anati zithunzi za amayi ali odwala ndi mawu awo onse zifufutidwe, chifukwa mawu a womwalira akamamveka pakhomo mzimu sugona, umabwerera mwa ana. Amalume a Noah anavomereza kuti ndi mmene zimakhalira kwanu kuno. Aliyense anafufuta iwo akuona. Yanga anaitenga, Watsapu inawakanira, anangondibwezera n'kuti, "Chifoni chako n'chakufa kale." Chojambulira sanachiganizire, inenso sindinawakumbutse. Akadziwa lero, andikakamiza kufufuta pamaso pa onse. Mwaona chifukwa chake sindikanalemba m'kalata zija zimafika zomatula?

A Gerishon akungodziwa kuti muli mawu ojambula amene sindikufuna ataike, sakudziwa kuti ndi a yani. Ayesera kuwasamutsira pa memore, koma akangogwira foni imauma. Anati ndiwalize iwo ajambule pa foni yawo, ndinakana. Mawu a amayi anu akhale m'thumba la mwamuna wapadera? Ayi. Tsopano akuti mnzawo wa laputopu abwera kuno pakati pa Julayi, ndipo ndi chingwe atha kuwatulutsa. Zikatheka, a Binwell adzaifulashe mmene angafunire.

Dzulo ndinabwereka foni yawo, n'kupita nayo ndekha kuseri kwa mpanda wa chipatala. Ndimafuna ndiigunditse ku yanga kuti mumve amayi anu ndi makutu anu. Yanga inali itavomera kuyaka, chala chili pa batani. Inu munakuwa n'kudula. Ndinalira njira yonse.

N'zoona ndimawamvetsera ku dimba. Ndinawasambitsa amayi aja miyezi yonse ya mvula, ndiye ndikawasowa ndimatero. Ngati ndikulakwa mudzandiuza mukadzawamva.

Pirirani pang'ono, bambo. Julayi si kutali.

Ndine mkazi wanu,
Maness


Johannesburg
6 Julayi 2025

Kwa achemwali a Sophie ndi amalume a Noah, ankhoswe anga,

Ndikupereka moni mwaulemu. Kalatayi ndalemba pamanja n'kuijambula, ndatumiza pa foni ya achemwali kuti amalume aone kuti dzanja ndi langa, si zopeka.

Ndinamufunsa mkazi wanga funso limodzi. Mwezi ukutha, yankho palibe. Transipota wabwera kawiri wopanda ngakhale kapepala. Ndiye ine ndaweruza motere. Foni ija ndi yanga, ndinagula ndine. Achemwali, mukaitenge. Mukaone zimene zilimo ngati ingatseguke. Mukatha mukamupatse Binwell aifulashe, aiikemo zonse zatsopano. Ikagwira, tione chimene adzanamizire.

Musamuchenjeze. Akadziwa, aibisa.

Amalume, za banja tikambirana ndikamva zotsatira.

Ndine mwana wanu,
Fackson


Neno boma
9 Julayi 2025

Fackson,

Moni. Ntchito unandituma ija yatheka, ndipo ndikulembera kuti usadzati ndinawonjezera.

Ukudziwa kuti ku Dambe anthu amasiya mafoni pa golosale ya sola m'mawa kuti atchajidwe, aliyense dzina lake pa kapepala komata kumbuyo, n'kudzatenga akaweruka kumunda. Dzulo ndinakwera njinga yamoto, chifunga chili tolo. Ndinapeza yolembedwa "Mayi Pemphero" ili pa mzere. Mwini golosale anayamba wakana, koma nditamuonetsa kalata yako ndi dzina la amalume, anapereka. Mkazi wako anali ku dimba.

Kwa Binwell tinayesa kuitsegula. Chifoni chimenechi ndi chamwano! Ukadina apa, chimayankha mawa. Watsapu sinatseguke. M'mauthenga wamba tinangopezamo otsatsa mabandulo, m'zithunzi munangotsala Pemphero ndi iwe. Ndinaona pomwepo kuti mayiyu ndi wochenjera, anayamba kale kusesa. Kenako chinatentha n'kuzima. Ndinamuuza Binwell kuti apange zimene unalamula.

Itatsala pang'ono kutha, ndinangoona kabaza waima, Maness akutsika wopanda nsapato, matope a ku dimba mpaka m'maondo. Sanandipatse moni. Anangofunsa Binwell kuti, "Mwayamba kale?" Binwell n'kumuonetsa foni ikuwala bwinobwino, yopepuka, ikufunsa chiyankhulo ngati ya m'sitolo.

Mlongo wanga, zimene ndinaona! Anakhala pansi pafumbi, pakati pa msika, manja kumutu, n'kuyamba kulira maliro enieni, mpaka ogulitsa tomato anasiya malonda kubwera kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Ankangoti, "Mayi, mayi ine!" Kulirira foni! Ngakhale pa maliro a amayi sanalire choncho. Ukufunanso umboni wina woposa pamenepa?

Ndinamupatsa foniyo kuti, "Nayo, tsopano uzimuyankha mwamuna wako." Anangoiyang'ana, n'kuiika pa benchi, n'kunyamuka. Lero ndamva kuti wamanga katundu, watenga mwana, wapita kwawo ku Matope. Wolakwa amathawa yekha popanda womuthamangitsa.

Foni ili ndi ine. Ikugwira bwino zedi, Watsapu yalowa popanda vuto.

Sophie


Johannesburg
20 Julayi 2025

Maness wanga,

Sindikudziwa poyambira. Moni kwa iwe, kwa Pemphero ndi kwa apongozi.

Jimu wandipeza lero m'mawa pa geti. Thiraki yake inafera ku Tete, anakhala kumeneko masabata akudikira chitsulo. Kalata yako anaisunga m'thumba la ovolosi, yafika yakuda ndi girisi, koma mawu onse akuwerengeka. Ndaiwerenga nditaimirira pa geti pomwepo.

Ndaimba pa nambala yako. Yalira bwinobwino, koyamba chichokereni Epulo, koma ayankha ndi achemwali. Ndawauza zimene zinali m'fonimo. Anangodula. Ndaimbira Binwell kumupempha kuti abweze, ndamuuza kuti atchule chilichonse. Akuti zikapita zapita, ngakhale ku Blantyre sangathe.

Ndiye kuti amayi anandiimbira tsiku lija, ine n'kuwadula. Amayi aikidwa kawiri, Maness, ndipo kachiwirika ndi dzanja langa.

Ndilibe mawu odzitetezera. Ndinalakwa, ndakuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, ngakhale sindikuyenera. Unawamvetsera kambirimbiri. Anati chiyani?

Ndine mwamuna wako, ngati ukundilolabe,
Fackson


Matope
3 Ogasiti 2025

Bambo a Pemphero,

Kalata yanu yafika, ndipo iyi yokha yafika yomata. Tili bwino. Pemphero akudabwa ndi kutentha kwa kuno, juzi ija wayamba kuivula yekha. Alamu anatumiza foni ija ndi munthu, ndaibweza. Kachewere wa ku dimba ndauza amalume a Noah akumbe, asaolere pansi.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndikadali wokwiya. Koma ndinalonjeza amayi kuti mawu awo adzakufikani, ndiye nawa, mmene ndikuwakumbukira.

Anayamba ndi kutsokomola, kenako anati, "Kachewere wanga, ndine amako." Akuti ankakutchulani choncho chifukwa muli mwana munali wamfupi, wobulungira. Anati, "Ndamva za mapepala ako. Usabwere. Dothi ndi dothi, anzako andikwirira bwinobwino. Ukadzamva kuti ndapita, usadzadziimbe mlandu, wamva? Ndakuletsa ndine." Mawu amenewa anawabwereza, kuti mwina koyamba simunamve.

Anati muzivala zofunda, chifukwa chifuwa chanu ndi cha bambo anu. Anati pichesi munabzala kuseri kwa nyumba ija yabereka chaka chino, anadyako ziwiri, zinali zowawasa ngati mwini wake. Pamenepo anaseka mpaka kutsamwa, ine n'kuwapatsa madzi, kapu inkamveka kugunda m'mano. Anakumbutsa tsiku munagwera m'khola la nkhumba mutavala yunifomu yatsopano. Kenako anayamba kanyimbo kamene ankakuimbirani mukadwala malungo, koma mpweya unawathera pakati. Anangoti, "Kwinako ukudziwa wekha."

Mawu ndalemba, koma kuseka kuja sindingakulembereni. Ndinakusungirani kuyambira Epulo, ndikukwera chulu, ndikunenedwa m'misika. Mnzawo wa a Gerishon anabweradi ndi laputopu yake patangopita sabata.

Za banja musandifulumizitse. Ankhoswe akambirane, ine ndidzayankha mtima ukadzakhala pansi.

Kumapeto kwenikweni, asanandiuze kuti ndizimitse, amayi ananenanso za ine. Zimenezo sindilemba, mungati ndapeka.

Ndine mayi a Pemphero,
Maness